Pamene Ankachotsa Manja pa Piyano

Kiyi wachitatu kuchokera kumanzere pa piyano ya m'holo yoonetsera kanema ali ndi kadzenje kosalala, ngati pamwala pamene madzi akhala akudonthera zaka zambiri. Kadzenjeko kanakumbidwa ndi chala chaching'ono cha mkulu wina amene anthu ankangowatchula kuti a Piyano. Loweruka lililonse masana, kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, holoyo inkaonetsa makanema akale opanda mawu, ndipo iwo ankakhala m'munsi mwa chinsalu akuliza piyano motsatira zithunzi.

Nyimbo zawo sanazilembepo papepala. Ankati pepala silimva kutsokomola kwa munthu wa pa mzere wachinayi. Khutu limodzi linkakhala kwa oonera. Anthu akafulumira kuseka, iwo ankafulumiza zala. Akamva mipando ikulira, ankadziwa kuti chisoni chatalika.

Panali kanema mmodzi amene ankaonetsedwa kawiri pachaka. Mayi wina akudikira mwamuna wake amene anapita kunkhondo, ndipo kumapeto munthu agogoda, mayiyo n'kupita kukatsegula chitseko. Woimba wina aliyense akanathira phokoso pamenepo. A Piyano ankachotsa manja pa makiyi, n'kuwaika pamaondo, n'kupuma kasanu ndi kawiri. M'holo munkangomveka makina oonetsera kanema ndi anthu akumeza malovu. Zikaoneka kuti wogogodayo ndi wopereka makalata chabe, chala chija chinkatsikira pa kiyi wake kamodzi kokha.

Kenako kunabwera bwana watsopano wa holo, munthu waulemu kwambiri, wa mtundu uja umene umakuyamikira ukuyeza kale malo amene wakhalapo.

"Achikulire, nyimbo zanuzi zisapite nanu kumanda. Tizijambule," anatero bwanayo.

"Wakuuzani ndani kuti ndanyamuka?"

"Ayi, ndikungoganizira za m'tsogolo."

"M'tsogolomo mukakhalamo nokha? Ine mundisiya pati?"

Anaseka onse awiri, ndipo a Piyano anavomera. Zaka zonsezo panalibe amene anawauzapo kuti ntchito yawo ndi yoyenera kusungidwa.

Anawajambula m'chipinda chomatidwa masiponji m'makoma, mopanda woonera ndi mmodzi yemwe. Analiza nyimbo ya kanema wa chitseko uja mosamala, n'kupuma kasanu ndi kawiri pamalo pake. Wojambula mawu, katswiri pa ntchito yake, ataona pa kompyuta mpata wopanda kanthu, anaganiza kuti waya unasokonezeka. Sanafunse. Anakopera kachigawo kokoma ka koyambirira kwa nyimboyo n'kukamata pampatapo.

Patatha mwezi, bwana anawapatsa satifiketi ya m'felemu ndi tikiti yolowera ulere moyo wawo wonse. Piyano ija anaikankhira polowera m'holo, n'kuikapo mphika wa maluwa.

Loweruka loyamba la nyimbo yojambulidwa, a Piyano anapita ndi mwana wawo wamkazi, namwino wa kuchipatala. Anakhala pa mzere wachinayi, koyamba kuona chinsalu osapinda khosi. Mayi wa m'kanema uja atanyamuka kupita kuchitseko, manja awo anatsikira okha pamaondo. Koma nyimbo sinaime. Inangopitirira mokoma, ngati ya m'sitolo ya nsapato. Kumbuyo kwawo wina ankatsegula pepala la maswiti, ndipo wopereka makalata ataonekera, anthu angapo anaseka.

Kanema atatha, onse anaomba m'manja. Bwana anapempha a Piyano kuti aimirire, ndipo anaimirira. Anthu atachepa, anamutsatira n'kumupempha kuti achotse kachigawo kamene anamata pampata paja.

"Koma anthu akonda, achikulire. Masiku ano kukangoti zii, amaganiza kuti makina afa, ena n'kutuluka."

"Ine ndakhala chete pamenepo kuposa kamakumi asanu ndi limodzi. Sanatulukepo munthu."

"Nthawiyo ankakuonani kuti mulipo," anatero bwana, akuyang'ana wotchi.

Potuluka anadutsa pa piyano ija. Madzi a mumphika anali atayamba kale kusiya chizindikiro chozungulira pa chivindikiro. Mwana wawo anawagwira mkono powoloka msewu.

"Bambo, dzina lanu analilemba pachinsalu ndi zilembo zikuluzikulu, anthu aomba m'manja, inu nkhope ngati mwaluza mlandu. Kodi si nyimbo yanu ija?"

"Makiyi ndinaliza ndine, mwanawe. Koma yanga inali pamene ndinkachotsa manja, ndipo pamenepo palibenso."