Dzanja Limene Linafika pa Khutu

Kwathu ku Chikweo, dziko lino likadali m'manja mwa Azungu, ana ambiri sitinkadziwa chaka chathu chobadwa. Ine ndinkangomva kuti ndinabadwa dzombe litangodutsa, chinangwa cha amayi chitatsala mitengo yokhayokha. Choncho aphunzitsi a pasukulu ya tchalitchi chathu, pofuna kudziwa ngati mwana wafika poyamba sukulu, ankayesa thupi lake. Mwana ankaima ndi mwendo umodzi ngati kakowa, kenako n'kuyenda pamtengo wogoneka pansi osagwa. Pomaliza ankadutsitsa mkono pamwamba pa mutu kuti agwire khutu la mbali inayo. Wolephera ankamubweza kuti akadye kaye chaka china.

Ine chaka chinacho ndinalibe. Amalume, achimwene awo a amayi, anali ndi mbuzi zambiri ku Nsanama, ndipo anali atanena kale kuti ndikabwezedwa anditenga ndizikaweta. Kwathu mawu a amalume pa mwana ankalemera kuposa a bambo womubereka, ndipo mwana wopita kumbuzi sankabwereranso kusukulu. Bambo anga sankatha kuwerenga. Mawu a Mulungu ankangowasunga pamtima monga anawamvera m'tchalitchi, ndipo m'mawa uliwonse ankapempha kuti m'nyumba mwawo mudzatuluke munthu wowawerengera.

Tsoka lake ndinali wamfupi, mikono yaifupi, mutu waukulu. Anzanga ankati ndasenza dzungu. Ndikayesa kunyumba, chala changa chinkathera pafupi ndi khutu, koma osalikhudza.

Bambo ankanditonthoza ndi nkhani ya munthu wamfupi uja amene anakwera mumtengo kuti aone Ambuye, Ambuyewo n'kumuitana pakati pa khamu. Amayi ankavomera kuti ameni, koma sanakhale pansi. Ananditengera pamtengo wa mango kuseri kwa nyumba, nandiuza kuti ndizilendewera ndi dzanja lamanja lokha. Ndikatsika ankaukoka mkonowo ngati akuwongola nsungwi. Tinachita zimenezi m'mawa ndi madzulo kwa masabata angapo. Kutatsala tsiku limodzi anandimeta mpala ndi lumo.

"Tsitsi nalonso limatalikitsa njira," anatero.

Tsikulo amalume anafika panjinga dzuwa lisanatenthe. Atandiona anaseka, nati kwa bambo, "Alamu, mwachita bwino kumupala. Mbuzi zanga zizimuonera patali."

"Mulungu sanayankhulebe, alamu," anayankha bambo.

Pabwalo la sukulu panali makolo ndi ana, ena atavala nyanda, ena nsalu ya biriwita. Ndimakumbukabe fungo la udzu watsopano padenga ndi mafuta a nsatsi amene tonse anatidzoza. Aphunzitsi anali munthu wamtali, wofatsa, wa kabudula wa kaki.

Kuima ndi mwendo umodzi sikunandivute. Ndinaima mpaka aphunzitsi anati, "Basi, tsika, ungamere mizu." Pamtengo paja ndinadutsa mothamanga, pakuti tsiku lililonse popita kudimba tinkaoloka khwawa pamtengo wocheperapo ndi umenewo. Mnzanga amene anali patsogolo panga anagwa, n'kulira kuti mtengo wamukankha.

Ndiye inafika ya khutu. Ndinakweza dzanja lamanja, koma phewa linali litatupa ndi kulendewera kuja. Mkono unafika pamaso n'kukana. Ndinayesanso, ululu unandilasa mpaka m'khosi, misozi n'kutuluka. Mosaganiza ndinayamba kukweza lamanzere.

Amayi analimenya dzanjalo lisanafike patali. "Iwe! Lamanzere pamaso pa aphunzitsi? Unaleredwa kuti?"

Sanalakwitse mwa makhalidwe athu. Lamanzere sitinkapatsira nalo munthu kanthu, sitinkadyera, sitinkalozera wamkulu. N'chifukwa chake masabata onsewo amayi sanaganizeko zoliyesa, ndipo inenso sindinaganizeko.

Aphunzitsi anagwira phewa langa pang'onopang'ono. "Mayi, mkonowu watani?"

Amayi anagwada, nafotokoza za mtengo wa mango, mawu akunka natsika. Bwalo lonse linafa nalo phwete. Amalume anachita kugwira chishalo cha njinga.

"Achemwali, inu mumalera mwana kapena nyani?"

"Iyayi achimwene, ndimalera mwana wa sukulu," anatero amayi osadzutsa nkhope.

Amalume anatembenukira kwa aphunzitsi. "Ndiye walephera, eti? Tinyamuke dzuwa lisanakwere."

Aphunzitsi anati kwa amayi, "Manja onsewa anawaumba ndi Mmodzi, ndipo sanaumbe lina mwangozi. Musiyeni akweze."

Ndinayang'ana amayi. Anagwedeza mutu movomera, koma movutikira. Ndinayang'ananso bambo, ndipo maso awo anali otseka, milomo ikuyenda. Ndinakweza lamanzere lija, limene palibe analikokapo, n'kulitsetsereza pampala wa mafuta.

"Wongola khosi, usandibere," anatero aphunzitsi, akuwerama kuti aonetsetse.

Ndinawongola. Chala chapakati chinakhudza nsonga ya khutu, kunsonga kwenikweni, ngati mmene mayi wodwala uja anakhudzira mphonje ya chovala cha Ambuye. Kwa ine kunali kokwana chimodzimodzi.

"Lowa," anatero aphunzitsi.

Bambo anagwada pomwepo pafumbi, anthu akuona, nayamika mokweza. Amalume anapukusa mutu, namasula nzimbe imene anamangirira kunjinga kuti ndizidya panjira ya ku Nsanama, n'kundipatsa. "Idyera konkuno, m'busa wothawa," anatero, ndipo anapalasa okha kubwerera.

M'mawa mwake tinakhala pansi pa mtengo kuphunzira kulemba pamchenga ndi chala. Phewa linali likupwetekabe, ndiye ndinatambasula lamanzere, ndili ndi mtima wonse kuti tsopano laloledwa. Aphunzitsi analigogoda ndi kamtengo.

"Iyayi. Ilo ndinalilola pa khutu pokha."

Ndinakhala masiku angapo manja ali pamiyendo, ndikuloweza zilembo za anzanga ndi maso, kufikira phewa litaphwa.