A Msamutsi ndi Chilumba Chomaliza

Anthu ankawatchula kuti a Msamutsi, dzina limene eni ake sankalikonda. Anali ndi bwato la thanga limodzi, loyenda pakati pa doko la kumtunda ndi tizilumba tinayi tondandalikana m'nyanja yamchere.

Anabadwira pa chilumba chomaliza, kale tizilumbato tikadali ndi anthu. Choyamba chinali ndi kampani ya mchere, chachiwiri sukulu ndi kachipatala, chachitatu nsanja ya nyali yolondolera sitima. Za panyanja anawaphunzitsa bambo awo, makofi ali pafupi. Phunziro lalikulu linali mpata wa pakati pa chilumba chachitatu ndi chomaliza. Madzi akamaphwa mphepo ikuchokera kumwera, ziwirizi zimalimbana, mafunde n'kuima ngati zipupa. Pamenepo umaponya nangula kuseri kwa matanthwe n'kudikira, ngakhale utanyamula mayi wofuna kubereka. Nyengo yotentha vuto limakhala lina: mphepo imathawa, thanga lili lende, iwe n'kumapalasa mpaka matuza m'manja.

Kampani itatseka, aphunzitsi analeka kubwera. Pansanja anaikapo nyali yoyaka yokha, mlonda n'kulongedza. Kenaka zitsime zinayamba kumveka mchere. Banja lililonse lofuna kuchoka linkagogoda kwa a Msamutsi. Ananyamula mabedi, mbuzi, malata ozula padenga, makina osokera, zitseko zomwe. Pobwerera bwato linkapepuka moti ankaikamo miyala kuti lisatembenuzike. Potsiriza anasamutsanso akazi awo ndi ana, nakapeza nyumba kuseri kwa depoti ya basi.

Pachilumba chomaliza panatsala munthu mmodzi, mlongo wawo wamkulu, wamasiye, ndi nkhuku zake. Maboti a injini sankafikako, chifukwa kunalibe wokwera. Ndiye a Msamutsi, imvi zili mbuu, ankapitabe ndi zigubu za madzi, ufa, palafini ndi mankhwala. Zigubuzo ankazikweza okha kuchitunda, akupumira m'njira.

"Achemwali, msana wanga watha. Tiyeni tizipita kumtunda."

"Pita. Ndakugwira mwendo ine?"

"Nanga mukadwala kuno adzadziwa ndani?"

"Nkhuku zanga. Iwe ukufuna manda a alamu ako ndisiyire nkhanu?"

Ankangopukusa mutu n'kutsika ndi zigubu zopanda kanthu. Kunyumba akazi awo ankawathowa msana akung'ung'udza. "Anthu onse aja munawatha, koma nkhalamba imodzi yakukanikani?"

"Ija si nkhalamba, ndi thanthwe," ankayankha choncho, nkhope ili pamtsamiro.

Chaka china mphepo inakana kuleka. Anakhala pachilumba chachitatu masiku angapo, akugona m'chipinda chakale cha mlonda, mpata ukuwira. Atawoloka, sanaone utsi pachitunda. Anakwera mtima uli m'mwamba. Mlongo wawo anawapeza ali pansi pakhomo, milomo itang'ambika ndi ludzu. Anali ataterereka n'kuthyoka m'chiuno.

"Wachedwa," anatero mayiwo.

Kuwabereka sakanatha. Anawagoneka pa bulangeti n'kumakoka pang'onopang'ono mpaka pamchenga. Pofika pampata paja madzi anali atayamba kuphwa, mphepo itabwereranso. A Msamutsi anayang'ana mafunde, nayang'ana mlongo wawo akubuula pansi pa bwato. Anatsitsa thanga, naponya nangula.

"Ukudikira chiyani? Ukufuna ndifere m'chibwato chako chonunkhachi? Bambo akanawoloka."

"Bambo akanadikira, achemwali. Imwani madzi."

Dzuwa linawawotcha mpaka madzi atayambanso kudzaza. Mayiwo anatukwana, nalira, kenaka anangoti chete, moti a Msamutsi ankawagwira phazi kuti aone ngati likadali lofunda.

Kuchipatala cha kumtunda anapulumuka, koma sanayendenso. Kunyumba kwa a Msamutsi anawapatsa kachipinda ka kumbuyo, kamene zenera lake linayang'ana khoma la galaja. Atafunsa za nkhuku, a Msamutsi anapitanso kamodzi. Nkhuku zinali zitasanduka zakutchire. Anathamangitsana nazo m'zitsamba, anagwa, nabwerako ndi tambala mmodzi wotsimphina, amene aneba anadandaula naye mpaka anaphedwa.

Bwato analikokera pamchenga. Mlongoti wa thanga anautenga mkamwini wawo n'kuchirikizira khonde la shopu yake. Thanga linafunditsa matumba a makala.

Masiku ano a Msamutsi ntchito yawo ndi yotembenuza mlongo wawo pabedi kuti asachite zilonda. Amawerama movutika, msana ukulira, mabasi akuliza mahutala kunja. Mayiwo salankhula zambiri. Tsiku lina, mutu uli paphewa la a Msamutsi, ananunkhiza malaya awo n'kukwinya mphuno.

"Ukununkha sopo masiku ano."

"Eya, achemwali. Kwezani mkono."