Zala Zitatu za Achimwene Laston

Achimwene anga a Laston anabadwira pa famu ya fodya kufupi ndi Marondera, kumene bambo athu ankagwira ntchito atachoka ku Ntcheu wapansi n'kuwoloka malire a dziko. Achimwenewo sukulu sanapite nayo patali, koma mathirakitala a pafamupo anawaphunzitsa zambiri. Nkhondo ya ufulu ya dzikolo itatha tinasamukira kutauni, ku St Mary's, achimwene n'kupeza ntchito pa chigayo cha a Zebron ku Huruyadzo. Ine ndinakwatiwa ku Unit L, koma chimanga cha kamunda kathu ndinkagayitsa komweko.

Injini ya chigayocho inali ya dizilo, yakalekale. Achimwene ankaitcha gogo. M'mawa uliwonse ankagunditsa sipanala pa injiniyo, mbali inayo n'kuika kukhutu, atatsinzina ngati nesi womvetsera mwana m'mimba. Pambali pake panali kachipangizo kotchedwa gavana, kamene kamaletsa injini kuthamanga mopitirira muyeso. Bawuti yake anaimanga ndi kawaya ndi kachidindo ka mtovu kochokera kwa amene anaipanga.

"Amene anamanga apa sanali openga," ankatero achimwene. "Ukaithamangitsa igaya msanga, inde, koma zaka khumi izidya m'chaka chimodzi."

Mu 1987 wina anatsegula chigayo chamagetsi ku Chikwanha, ndipo anthu anayamba kupita kumeneko. Otsalawo ankangodandaula pamzere, kuwafulumizitsa achimwene m'chilankhulo cha komweko. "Kurumidzai, sekuru! Gogo wanuyu akugaya kapena akutafuna ndi usinini?"

Tsiku lina ndili pamzerepo, mwana wanga Hazel ali kumsana, a Zebron analowa atakwiya.

"Laston, dula kawaya ako."

"Bwana, sindidula."

"Chigayochi n'cha ndani?"

"N'chanu. Koma woima pafupi nacho tsiku lonse ndine."

A Zebron anatola chiduswa cha lamba wakale wa chigayo n'kuwakwapula nacho kumaso. Mlomo unang'ambika, magazi kudontha pa ufa. Achimwene atagwa, a Zebron anawaponda m'nthiti kawiri. Kenako anatenga pulayala, kudula wayawo okha, n'kumanga bawuti ija mpaka injini inasintha kulira. Achimwene anangotola kachidindo kaja n'kuika m'thumba. Kusiya ntchito sakanatha: mlamu wanga Rosina anali woyembekezera, ndipo ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa chigayo komweko.

Kwa milungu isanu anthu anabwereradi. Ufa unkatuluka wotentha ngati phulusa. Koma injini inkanjenjemera mpaka malata kulira, oyilo ankada m'masiku atatu okha, ndipo achimwene ankaiphimba ndi masaka onyowa kuti izizire. Anandiuza kuti, "Chemwali, usabwerenso kuno ndi mwana. M'katimu chitsulo chikudya chinzake." Sindinamvere. Ufa unatha m'nyumba, Loweruka ndinapita.

Cha m'ma teni injini inakuwa ngati ndege. Utsi wakuda unadzaza m'nyumbamo. Achimwene anatseka dizilo koma siinaime, inali itayamba kumwa oyilo wake womwe. Nyundo imodzi ya m'chigayo inathyoka, kuboola chitsulo, n'kukawamenya pamwendo a Tryphena, mayi wina amene anali pamzere. Fupa linatulukira kunja. Azimayi tinapanikizana pakhomo, ena kugwa, ena kuwaponda.

"Tulukani nonse!" anakuwa achimwene. Iwo sanatuluke. Anavula jekete n'kuitsindira pamene injini imakokera mpweya. Inatsamwa, kutsokomola, ndipo lamba anatumpha n'kuwakokera dzanja lamanja pa gudumu. Itangoti zii tinamva mawu awo okha. Zala zitatu zinali pansi, mu ufa.

A Zebron anafika akuthamanga. Dzanjalo sanaliyang'ane n'komwe. Anawagwira achimwene pakhosi. "Wandiphera injini, chitsiru iwe!"

Ine ndine mayi wa Mvano, sindinamenyepo munthu. Koma ndinanyamula chidebe changa chodzaza chimanga n'kuwamenya nacho a Zebron m'mutu. Azimayi ena anawagwera ndi zidebe, nsapato, wina mpaka kuwaluma khutu. Anawakokera kunja akuwathira magaga m'kamwa. Akanapanda kufika apolisi, sindikudziwa. Sindinyadira zimenezi, koma sindingazibise.

Makaniko amene anadzatsegula injiniyo anapeza kuti m'kati monse munali mutang'ambika. Inapita kwa ogula zitsulo zakutha. A Tryphena mpaka lero amayenda ndi ndodo. Achimwene anatuluka m'chipatala ndi chala chachikulu ndi cholozera basi, kachipinda kaja atawalanda. Tsopano amakonza mapulaimasi ndi njinga pansi pa mtengo ku Chikwanha.

Mwezi watha anabwera kudzaona Hazel, n'kupeza bambo a kunyumba kwanga akufuna kusintha kagudumu ka makina anga osokera kuti azisoka mofulumira. Sanakangane nawo. Anapisa m'thumba ndi zala ziwirizo, kutulutsa kachidindo ka mtovu kaja n'kukaika pa tebulo.

"Alamu, kodi makinawa atsalako ndi zaka zingati?"

Amuna anga anabweza sipanala m'bokosi.