Achikulire ndi Chimbale cha Akazi Awo

Achikulire oyandikana nafe sagula chinthu asanachiyese. Anyamata a m'masitolo amawaseka, poti ana a masiku ano amayesa imvi ndi umbuli. Ine ndikanatukwana. Achikulirewo amangoti, "Nkhope ndaiona, mwanawe, ndionetse mtima."

Ali ndi chimbale chimodzi chimene amachikulunga m'mpango. Muli mawu a malemu akazi awo akutsogolera kwaya, ndipo china chotero kulibe. Makina awo oimbira zimbale atawonongeka, anapita kukafuna ena otchipa oti alumikize ku masipika akale. Chimbale cha mayiwo anachisiya kunyumba, natenga china chachabechabe.

"Agogo, za zimbale zinatha kalekale," anatero wogulitsa. "Komabe tengani awa a DVD, amakoka okha chimbale."

"Akoke ichi kaye."

Makinawo anameza chimbalecho, nalira pang'ono, kenako zii. Mnyamata anadina batani, anamenya pamwamba, anazimitsa, anayatsanso. Chimbale osatuluka.

"Waona? Akanakhala akazi anga amenewo."

Pakona panali kamakina kafumbi, kotsegula pamwamba ngati chivundikiro. Anakayesa ndi chimbale cha m'sitolomo, kanaimba bwinobwino.

"Koma ndi kachikale, agogo."

"Ndikadziwa. Koma tsiku limene kadzafe, akazi anga ndidzawatulutsa ndi dzanja langa."

Achikulirewo atagula kamakinako n'kufika pakhomo potuluka, mnyamatayo anali akadatokosa makina aja ndi mpeni.

"Nanga chimbale chanuchi?"

"Chisunge, mwanawe. Chinabwerera zomwezo."