Chaka Chimene Amayi Sankaima Panjira

Fungo la oyilo wakuda, uja amatsala mu injini za maboti, limandibwezera ku Chiwanga nthawi ya mwera, chaka chimene amayi anaphunzira kupalasa njinga. Amalume ankausunga m'kachitini, n'kumapaka tcheni ndi nthenga ya nkhuku. Njingayo anabwera nayo kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, ine ndisanabadwe. Inali yakuda, yayitali, yachimuna, yokhala ndi chitsulo chapakati, ndipo inkalira paliponse kupatula belu.

Amayi anali atapeza ntchito yochapa ndi kusita pa nyumba ina ya alendo ku Metangula. Bambo anali atamwalira, ndiye ntchitoyo ndi imene inkatidyetsa ine ndi ang'ono anga awiri. Koma ulendo wapansi unkawachedwetsa. Akatunga madzi, kutiphikira chinangwa ndi kusambitsa wamng'ono, ankafika dzuwa litakwera. Bwana wawo, amene iwo ankamutchula kuti patarau, anawauza kuti akapitiriza kuchedwa alemba munthu wa pafupi. Amalume atamva zimenezi anangokankha njinga ija n'kuiyedzamitsa pakhoma pathu.

Amayi anaphunzirira pabwalo la mpira, ife ana tikuthamanga m'mbuyo ndi phokoso. Anagwera m'munda wa chinangwa, anagunda thandala la usipa la eni ake, ndipo tsiku lina analowa m'gulu la mbuzi akukuwa kuti zipatuke, ngati mbuzi zimamva. Ankadzuka akuseka mpaka misozi, mchenga uli m'mutu. Ndinali ndisanawaonepo akuseka chotero, ndipo ndinkakondwa kwambiri. Kupalasa anakudziwa msanga, koma kukwera kunawakanika. Ndi kapulana, nsalu yawo ya m'chiuno, sakanaponya mwendo ngati mwamuna anthu akuona. Choncho kunyumba ankakwerera pa mtondo wovundikira, ku Metangula pa sitepe ya khonde. Pakati apa panalibe kuima.

M'mawa msewu wathu unkadzaza. Aphunzitsi ankadutsa atamanga mwendo wa buluku ndi mphira, anamwino atakulunga diresi loyera m'pulasitiki kuopa fumbi, amayi a mabeseni a usipa akuyenda mondondozana, anyamata a makala akutsika kumapiri njinga zawo zikulira mabuleki. Mwera unkawomba mozizira, kununkha nsomba ndi utsi. Aliyense ankamudziwa mnzake, ndipo moni unali mbali ya ulendo.

Apa ndi pamene panali vuto. Pamphepete pa msewu, pansi pa mtengo wa mango, pankakhala a Saide, amalume awo a malemu bambo, akusoka maukonde. Wanjinga aliyense ankatsika n'kuwapatsa moni, ngakhale aphunzitsi amene. Amayi ankangodutsa liwiro akufuula kuti, "Mwadzuka bwanji, baba!" Yankho linkawapeza atapitirira kale mlambe. Sipanatenge nthawi, kuchitsime kunayamba kumveka zoti mkazi wa malemu wapeza ntchito ya m'tauni ndiye wayamba matama. A Saide nawo anatumiza mawu akuti kwawo moni saponya ngati mwala.

M'mawa mwake amayi anatsika, anagwada, anapereka moni wonse. Kenaka anayesa kukwera potsamira mtengo, njinga inawagwetsa. Anayesanso, inawagwetsanso. Anaikankha mpaka ku Metangula, ndipo anachedwa kuposa masiku onse. Madzulo amenewo sanaseke. Ndinawamva akuuza amalume anga aja kuti patarau wanena kuti kwatsala kamodzi.

Loweruka kunalibe sukulu, ndiye anandikweza pa kaliyala kuti ndikawathandize kuyanika zovala. Ndinawagwira m'chiuno, tsaya nditaligunditsa pamsana pawo. Tikuyandikira mtengo wa mango uja ndinamva msana wawo ukuuma. Sindinkadziwa ngati aima kapena adutsa, ndipo ndikhulupirira kuti nawonso sankadziwa.

A Saide sanali pa maukonde. Anali ataimirira pamsewu penipeni, dzanja m'mwamba. Pambali pawo panali chipika chachikulu cha bwato lakale, chochekedwa bwino pamwamba, mchenga ukuonetsa mzere wa momwe anachikokera kuchokera kugombe.

"Tsikani, mwanangu, mundilonjere ngati munthu," anatero. "Pokwerera ndi apa. Nthawi ikadalipo."

Amayi anatsika, anagwada. Anafunsana za ana, za mwendo wa a Saide umene unkawavuta, za mphepo. Kenaka a Saide anagwira kaliyala ndi manja awo onunkha nsomba, amayi anaponda pa chipika, ine ndinalumphira kumbuyo, ndipo mkuluyo anatikankha mwamphamvu moti kofia yake inagwa. "Palasani! Mukamuuze patarau wanuyo kuti ku Chiwanga kulinso anthu!" Amayi anaseka mpaka njinga inayamba kupepeluka, wanjinga wina kumbuyo kwathu akuimba belu. Tinafika pageti wophika tiyi asanakoleze moto.

Amayi anagwira ntchito imeneyo mpaka ine nditamaliza sukulu. Kukwera popanda chopondera anadzakuphunzira mvula itayamba, koma pa a Saide ankapondabe pa chipika paja, chifukwa mkuluyo ankakhumudwa akachilambalala.

Nthawi imeneyo ndinkaona ngati a Saide anali munthu wokonda kupatsidwa ulemu, mpaka kukoka chimtengo chonsecho ndi mwendo wodwala kuti moni wa m'mawa usawadutse. Ndinkawaseka mumtima. Pano ndimaona kuti akanatha kungonena kuti, pitani, musavutike n'kutsika. Ntchito ikanapulumuka ndithu, koma kuchitsime akanapitiriza kuwanena amayi. A Saide anafuna kuti msewu wonse uone mkazi wa mwana wa mlongo wawo akugwada, kenaka uonenso akumukankhira kuntchito ndi manja awo.