Yosefe ndi Apongozi Ake Pampando Umodzi

Yosefe anabwera m'mudzi mwathu ku Chiparamba ndi bulangeti limodzi, pampu ya njinga ndi kabokosi ka masipanala. Anakwatira Lenia, mwana wa mlongo wanga Dolika, ndipo nkhoswe ya kuchikazi ndinali ine. Anali munthu wa manja. Njinga yoti mwini wake waitaya kale mtima, iye ankangogwada n'kuizungulira, pofika madzulo yayenda. Koma mawu ake tinkachita kuwakumba ngati mbewa za m'chilimwe.

Ukamwini anaugwira bwino. Anafolera nyumba ya apongozi, anawamangira nkhokwe, munda wawo ankayamba kulima asanakhudze wake. Mwambo nawo ankausunga mopitirira. Akaona Dolika akubwera m'njira, ankadumphira kutchire ngakhale muli chitedze, Dolika naye ankatembenukira kumbali n'kudziphimba kumaso. Zaka zonsezo anthu awiriwa sanayang'anane m'maso. Mawu awo onse ankadzera mwa ine, ngakhale nyumba zawo zinali zoti wina akatsokomola mnzake amamva.

Nkhani inavuta pamene mmwenye wina wa sitolo ku Boma, ku Foti Jemisoni, anauza Yosefe kuti atha kumakonzera njinga pakhonde pake. Kumudzi njinga zinali zowerengeka, ku Boma zinali mbwee. Yosefe anandituma kukapempha chitengwa, kuti atenge mkazi ndi ana akakhale ku komboni. Dolika anakana. Ndinapitanso, anakananso. Ndinam'psera mtima mlongo wanga, koma mlandu wake ndinkaudziwa. Ana ake aamuna, Abel ndi Fulansisi, anapita ku Halale Chitaganya chitangoyamba ndipo anatchona, opanda ngakhale uthenga wa pakamwa. Anatsala ndi Lenia yekha. Mmwenyeyo naye anati adikira mpaka kukolola basi, apo ayi khondelo apatsa wina.

Ine Nyuwere sindiikhulupirira kwenikweni. Anthu amavina, amati chaka chatsopano, koma m'mawa mwake udzu wa m'munda ndi womwe uja, amene anakana dzulo akananso lero. Chaka chimenecho, cha 1958, kunamveka kuti ku Boma kwafika anthu a masewera ochokera kumwera, ndi mahema, akatungwe ndi chigudumu chachitali kuposa mtengo wa mbawa, chokhala ndi mipando yonyamula anthu kupita nawo m'mwamba. Azungu anasewera masiku awo, ife anatisiyira masana a Nyuwere. Adzukulu analirira agogo awo mpaka Dolika anavomera. Tinakwera lole ya ogula mtedza, Yosefe kumbuyo kwenikweni atafulatira, apongozi ake kutsogolo.

Pabwalopo panali phokoso la galamafoni ndi fungo la mafuta a injini, matope mpaka m'kakolo. Pamzere wa chigudumu tinaima mwa dongosolo lathu: Lenia ndi ana kutsogolo, kenaka Dolika, ine pakati ngati mpanda, Yosefe kumapeto. Ndiye kamwana kamodzi kanagwetsa nsapato, ine n'kuwerama kuti nditole. Wokweza anthu anali mlendo wolankhula Chilapalapa cha kumigodi, za miyambo yathu sadziwa kanthu. Anangoona mpando wa anthu awiri, mayi mmodzi, bambo mmodzi. Anakankhira Dolika mkati, anakoka Yosefe pamkono, chitsulo n'kutseka. Podzuka ine ndi nsapato m'manja, mkamwini ndi apongozi anali akukwera kumwamba mapewa atagundana.

Anthu akwathu amene analipo anagwira pakamwa. Ena anaseka mpaka kukhala pansi m'matope. Ine manyazi anandigwira, chifukwa ntchito yanga inali imodzi yokha ndipo ndinailephera chifukwa cha nsapato.

Chigudumucho chinazungulira kawiri, injini inatsokomola n'kuzima. Awiriwo anatsala pamwamba penipeni, mpando ukugwedezeka ndi mphepo ya mvula. Kuchokera pansi ndinkangoona Yosefe atakhotetsa khosi kuyang'ana kumbali. Kuthengo kothawira kunalibe.

Zimene zinachitika kumeneko Yosefe anandiuza yekha patapita masiku. Akuti mpando utagwedezeka kwambiri, Dolika anamugwira dzanja, n'kulikanikiza mpaka zikhadabo kulowa. Kenaka anafunsa, maso ali kutsogolo:

"Bambo, msewu umene anapitira ana anga ndi uti?"

Yosefe analoza msewu waukulu umene unkalowa m'mapiri.

"Nanga kwathu?"

"Kuseri kwa phiri ilo, amayi. Pa njinga si patali. Ndikanyamuka m'mawa, ndafika dzuwa lisanatenthe."

"Iwonso anati si patali."

Yosefe akuti anaona kuti kulonjeza n'kungowonjezera pa malonjezo amene mayiyo anamva kale. Anangosiya dzanja lake m'manja mwawo, n'kuika linalo pamwamba, mpaka injini inadzuka. Ndipamene anazindikira, akutero iye, kuti zaka zonsezi ankayesa kuti akulimbana ndi munthu wouma mtima, chikhalirecho anali munthu wa mantha.

Atatsika, aliyense analowera kwake ngati sipanachitike kanthu. Koma sabata yotsatira Yosefe anabwera kwa ine n'kunena kuti ndisapitenso kukapempha, za khonde lija zileke. Ndinamukalipira kuti wagwa mphwayi, iye anangoti, "Ankhoswe, zikhadabo za amayi aja zikadali pa dzanja langa." Tsiku lomwelo madzulo Dolika anandiitana ali kusadzula masamba a mawungu.

"Achimwene, mukamuuze mkamwini wanu atenge banja lake akakolola. Munthu amene sananame pamene ndinali m'manja mwake, ndimusiye apite."

Ndinaima pakati pa nyumba ziwirizo ndi mauthenga awiri otsutsana, wina akuti ndikhala, wina akuti pita. Anapambana ndi Dolika, monga mwa masiku onse.

Chimanga chitalowa m'nkhokwe, Yosefe anamanga katundu pa ngolo. Lero ali pakhonde lija, ndipo apolisi ndi amesenjala a ku Boma amadziwa dzina lake. Koma ine chimene chimandibwerera ndi m'mawa wa ulendowo. Ndinasangalala kuti miyendo yanga ipuma, mpaka ndinaona mlongo wanga ataima pakhomo, ana atakwera kale, Lenia akulira. Anandikodola.

"Achimwene, mukamuuze kuti..."

Anaima. Anandikankhira pambali pang'ono, anayenda yekha mpaka pa ngolo, nayang'ana Yosefe m'maso mudzi wonse ukuona.

"Bambo, mwanayo ndilibe wina."