A Lusekelo ndi Anzawo a mu Foni

Ndikakumbukira a Lusekelo, chimayamba kundifika m'mphuno ndi fungo la waya wopsa, lija limatuluka munthu akamawotcherera wailesi, litasakanikirana ndi fumbi la ku Chitipa lomwe mphepo inkalowetsa pansi pa chitseko ngakhale utatsekapo chiguduli. Bambo anga anali apolisi. Anatisamutsa kuchoka ku Zomba kupita ku Chitipa ine ndili kamtsikana ka Sitandade 4, ndipo nyumba yathu ya lendi inali yogundizana khoma ndi ya a Lusekelo, okonza mafoni ndi mawailesi. Anali mbeta yaitali, yowerama, yamanyazi ngati mkamwini watsopano. Mayi akati, "Mwadzuka bwanji achimwene?" iwo ankayang'ana pansi n'kuti, "Yewo, mama," basi nkhani yatha.

Filimu anali nayo imodzi yokha, ya ku Japan, yogula kumalire a Tanzania, yoikamo mawu a munthu wofotokoza m'Chiswahili. Abale inu, tinaimva kudzera pakhoma mpaka kutopa nayo. Inali ya mnyamata wamanyazi, wokonda makompyuta, amene anakonda mkazi koma pakamwa pali gwa, ndiye anthu osamudziwa a pa intaneti ankamuuza chovala, chonena, ngakhale nthawi yoimba foni. Tsiku lina ana tikusuzumira pakhomo, a Lusekelo analoza mnyamatayo n'kunong'ona okha, "Uyu ndine."

Mkazi wawo wa mumtima anali a Twambilile a ku Kaseye, amene ankabwera ndi wailesi ya bambo awo odwala chigonere. Atabwera nayo kachitatu, Mayi anaseka ali pamtondo. "Wailesi imeneyo ilibe vuto. Vuto ndi wokonzayo, maso ali nawo koma saona." A Twambilile anali atanena, mokweza ndithu kuti khoma limve, kuti mwezi ukatha azakhali awo awatenga kukakhala ku Karonga ngati palibe chowasunga kuno.

A Lusekelo anamva, koma m'malo mogogoda kwathu analembera gulu lina la mu foni, anthu a ku Lilongwe ndi ku Joni amene sanapondepo ku Chitipa. Anthuwo anamva chisoni, ndipo ndikhulupirira ankawafunira zabwino. Anati metani, a Lusekelo anameta. Anati gulani jekete yakuda, anagula pakaunjika. Kenako anati zotuma thenga, mkhalapakati uja amakanenera mwamuna kwa makolo a mkazi, n'zachikale, pitani nokha mutanyamula maluwa.

Maluwa anathyola pampanda wa tchalitchi. Koma njira ya ku Kaseye ndi yamabampu, mphepo nayo siseka, ndipo munthu wa mawaya amaganiza za waya. Anapinda waya mozungulira, namangirirapo maluwa onse bwinobwino kuti akoloweke pahandulo ya njinga. Sanaone chimene anapanga. Zotsala tinazimva kuchigayo, amayi akusimba misozi ili m'masaya ndi kuseka. Pakhomo pa munthu wodwala panatulukira mlendo wa jekete yakuda, atanyamula nkhata ya maluwa ngati ija amaika pamanda, pakamwa osatuluka mawu. Azakhali aja anaponya lichero pansi. "Mwatumidwa ndi ndani kudzaika munthu ali moyo?" A Lusekelo anabwerera akukankha njinga, nkhata ili m'manja.

Mayi sanaseke ulendo uno. Anayankhulira pakhoma, "Achimwene, ine ndili pompano, mukatsokomola ndimamva. Mukanandifunsa bwenzi thenga nditakupezerani tsiku lomwelo." Masiku anayi a Lusekelo sanatsegule, ndipo eni mafoni ankabwerera akutukwana.

Mwezi utatsala tsiku limodzi, masana dzuwa likuswa mtengo, ndinali pakhonde ndikutsuka mbale pamene a Twambilile anafika, opanda wailesi. Mayi anali kumsika.

"Odi kuno."

Zii.

"A Lusekelo, ndikudziwa muli momwemo, njinga yanu iyi. Bambo sanakwiye. Anaseka mpaka kutsokomola, akuti mubwere akuoneni."

Ine ndinkamva bwinobwino mabatani a foni akulira kuseri kwa chitseko, tiki tiki tiki. Munthu wamkulu ankafunsa anzake a kutali chochita, mkazi ataima panja. A Twambilile anakhala pansi pakhonde, anavula nsapato n'kukutumula fumbi, anavalanso. Mthunzi wa nyumba unayenda mpaka kufika pamsewu. Anandiyang'ana ine, maso otopa, n'kuti, "Mwana iwe, ukadzakula usamadikire chonchi." Ananyamuka.

Patapita kanthawi chitseko chinatseguka. Mayi anali atangofika ndi dengu pamutu, ndipo a Lusekelo anawaonetsa foni, misozi ikutsika. Netiweki inali itathawa, mayankho anangolowa onse pamodzi, ambirimbiri, ndipo onse ankanena chinthu chimodzi, tsegulani chitseko. Mayi anatula dengu n'kupuma mozama. "Zimenezo mpaka akuuzeni a ku Joni?" Aka kanali koyamba kuona mwamuna wamkulu akulira popanda maliro, ndipo mpaka lero ndikakumbukira zimandiwawa.

A Twambilile anakwera galimoto ya ku Karonga m'mawa mwake. Ife anatisamutsanso chaka chotsatira, a Lusekelo tinawasiya akadali okha.

Lero ndine namwino. Ndimaweruka miyendo itatupa, ndipo nanenso foni siichoka m'manja, ndimafunsa anthu osawadziwa zinthu zoti ndikanafunsa mnansi. Sindine wanzeru kuposa a Lusekelo. Koma munthu akati "odi" pakhomo panga, kaya ndatopa bwanji, kaya m'nyumba muli mbwee, ndimadzuka n'kutsegula ndisanadziwe chimene ndikanene.